Unkhoswe Pamene Ana Apezana Kuchokera ku Mitundu Yosiyana

 Lero ndikufuna kucheza makamaka ndi inu atsibweni ndi azakhali, inu amene tsiku lina mwana wa mlongo wanu adzafika n'kukhala pansi, n'kunena kuti, "Malume, ndapeza mbeta, koma kwawo ndi ku Mzimba." Mwina adzati ku Nsanje, ku Mangochi, penanso ku Durban kumene adapita kukasaka maganyu. Ana athu masiku ano akukumana kusukulu, kuntchito ndi kumpingo, ndipo sayamba afunsana mtundu. Ntchito yolumikiza mabanja awiriwo imagwera inu.

Musathamangire kutchula tsiku la chinkhoswe, ndipo musayambe ndi zosoketsa yunifolomu. Choyamba khalani ndi mwanayo mumufunse bwinobwino. Mnzakeyo kwawo kwenikweni ndi kuti, mfumu yawo ndani? Kwawoko amalowola kapena ndi achikamwini? Amapemphera kuti? Nanga woyankhula za ukwati m'banja mwawo ndani? Funso lomalizali ndi limene ambiri timapunthwa nalo. Kwa Achewa, Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja, mwinimbumba ndi malume, mlongo wawo wa amayi, ndipo bambo womubala mwana amangouzidwa mmene nkhani yayendera. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi Asena, nkhani ili m'manja mwa akuchimuna: bambo, abale awo ndi azakhali. Mukanyamuka ku Dedza n'kukafika ku Ekwendeni mukufunsa za malume a mtsikana, anthu adzakulandirani ndithu, madzi adzakupatsani, koma mumtima adzadziwa kuti kwabwera anthu osafunsa. Paja safunsa adadya phula.

Tsono pezani munthu wodziwa mwambo wa kumeneko kuti akutsogolereni. Kumpoto munthu wotere amamutcha thenga, ndipo ndiye amanyamula mawu kuchoka kwa inu kupita kwa eni mwana ndi kubwera nalo yankho. Inu simulunjika nokha kwa bambo wa mtsikana. Sankhani munthu wachikulire, wodekha, wolankhula chinenero chawo, wosamwa mowa pa tsiku la ntchito. Akakuuzani kuti apa tikhale pansi, khalani. Akati apa vulani chipewa, vulani. Tumizani uthenga nthawi ikadalipo kuti mukubwera tsiku lakuti, anthu angati. Ulendo woyamba sufuna chigulu. Anthu awiri kapena atatu akwana.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Mabanja awiri angathe kuvina limodzi tsiku lonse, aliyense n'kubwerera kwawo akuganiza zosiyana pa zimene zachitika. Kwa ife achikamwini, mwamuna amapita kukamanga kwa mkazi, munda amalima wa kuchikazi, ana ndi a mbumba ya amayi awo. Ngakhale mwamuna atapempha chitengwa n'kupereka chiongo kuti mkazi akakhale kwawo, anawo sasintha mbumba. Kwa olowola, ng'ombe zikaperekedwa, kapena ndalama zolowa m'malo mwa ng'ombezo, mkazi walowa m'banja la mwamuna, ana ndi a kuchimuna, ndipo mwambo umayembekezera kuti mkaziyo akadzamwalira adzaikidwa kumudzi kwa mwamuna wake.

Ndiye taganizani mnyamata wa ku Rumphi akukwatira mtsikana wa ku Mchinji. Akwawo abwera ndi ndalama, eni mwana alandira mokondwa poyesa kuti ndi mphatso yothokoza. Kwa obweretsawo, amenewo ndi malowolo, ndipo nkhani ya ana yatha pomwepo. Zaka zidzapita mwamtendere. Mkangano udzabuka tsiku la maliro, bokosi lili pabwalo, galimoto ziwiri zikudikira, ina yoloza kumpoto ina yoloza kumadzulo. Mukatembenuza, mnyamata wa ku Mchinji n'kukwatira ku Rumphi osapereka kanthu poti kwawo kulibe zimenezo, akuchikazi adzati ukwatiwo sunakhazikike, ndipo iye adzadabwa kumva kuti ana amene akuwalipirira fizi sakuwerengedwa kuti ndi ake.

Chifukwa chake, ankhoswe a mbali zonse khalani pansi panokha, kopanda zokuzira mawu, chinkhoswe chisanafike. Ndalama iliyonse imene ikutuluka m'thumba itchulidwe dzina lake ndi ntchito yake: iyi ndi ya chamlomo, iyi ndi chiongo, awa ndi malowolo, ndipo zatsala ndi zakuti. Gwirizanani kumene banjalo likakhale, kumene lidzamange nyumba, ndi kumene aliyense adzagone akadzatsikira kulichete. Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti kutchula maliro pokonza ukwati n'kulaula. Ine ndikuti ndi bwino kuchita manyazi kwa ola limodzi lero kusiyana n'kudzatukwanizana pamaso pa ana amasiye. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'kope, ankhoswe asayine, mbali iliyonse isunge pepala lake. Ankhoswe amakalamba, amaiwala, amamwalira.

Pokambirana za malowolo pasakhale mawu onyoza. Inu achikamwini musanene kuti "kodi mukugulitsa mwana?" Kwa eni mwambo, ng'ombezo ndi ulemu ndiponso chomangira ubale. Inunso olowola musamuone mkamwini ngati munthu wopanda pake amene wangotola mkazi. Ngati mtengo wakulemerani, nenani kudzera mwa thenga kuti lero tabwera ndi izi, zotsala tidzapereka pang'onopang'ono. Mabanja ambiri amavomera, chifukwa malowolo kawirikawiri samalizidwa tsiku limodzi.

Za chipembedzo nazo zifunseni msanga, poti zimalowa mpaka kukhitchini. Ngati mbali ina ndi Asilamu, monga abale athu ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga, mbuzi ndi nkhuku zizingidwe ndi Msilamu, nkhumba isayandikire n'komwe, ndipo miphika imene idaphikirapo nkhumba ikhale kutali. Mowa, ngati ena sangapirire, ukhale kwina mwambo ukatha. Musaike mwambo masana a Lachisanu nthawi ya mapemphero, kapena masana m'mwezi wa Ramadan anzanu akusala. Dziwaninso kuti mahari a pa ukwati wa Chisilamu ndi a mkwatibwi mwiniwake, si a makolo, choncho musawasokoneze ndi malowolo. Ngati ena ndi a Seventh Day, Loweruka lisiyeni.

Pa tsiku la chinkhoswe lenilenilo, mwambo umatsata kwa eni mtsikana, poti ndiko mwapita kukapempha. Koma eni bwalo, apatseni alendo mpata. Woyendetsa mwambo afotokoze chimene chikuchitika: chifukwa chake akuchimuna agwira tambala ndipo akuchikazi agwira msoti n'kusinthana, chifukwa chake ankhoswe akudyera limodzi nkhuku yootcha pamaso pa anthu, tanthauzo la khasu ndi nkhwangwa kwa mnyamata, lichero ndi mthiko kwa mtsikana. Pamene mukubweretsa atsikana ofunditsidwa chitenje kuti mnyamata aloze wake, achenjezeni alendo pasadakhale kuti pamafunika tindalama tovundukulira, asachite manyazi pagulu. Ndipo ngati abwera ndi ingoma yawo, beni kapena tchopa, alekeni avine. Agogo amene sadziwa Chichewa apezereni womasulira. Si bwino munthu kuyenda ulendo wonse kuchokera ku Karonga n'kudzangokhala duu osamva kanthu pa ukwati wa mdzukulu wake.

Inu amene ana anu ali kunja, nkhani ndi yomweyi, kungoti mtunda watalika. Ku Zimbabwe, kumene makolo athu ambiri adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, Ashona amayendetsa nkhani kudzera mwa mkhalapakati wotchedwa munyai, ndipo pa zopereka pamakhala ng'ombe yapadera ya amayi a mtsikana. Kwa Azulu ku South Africa mumayamba ndi kalata yopempha tsiku, nthumwi zimaima pachipata mpaka zitaloledwa kulowa, ndipo chiwerengero chotchulidwa kawirikawiri ndi ng'ombe 11. Musalole mnyamata kutenga anzake ogona nawo chipinda chimodzi kuti akakhale ankhoswe. Ngati inu simungathe kupita, pezani wachikulire wochokera kumudzi amene akukhala komweko, mumutume m'dzina lanu, ndipo inu mulankhule ndi eni mwana pafoni kuti amve mawu a mwinimbumba. Lamulo la South Africa la 1998 limazindikira ukwati wachikhalidwe, ndipo limati ukalembetsedwe ku Home Affairs pasanathe miyezi itatu.

Kuno kwathu nako boma lili ndi mawu ake amene mwambo sungawalumphe. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachikhalidwe, koma onse awiri akhale atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Nkhoswe amene akuyendetsa ukwati wa mwana wosakwana zakazo akupalamula mlandu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, kaya munalowola kaya munali pachikamwini. Bwalo la milandu likamagamula za ana limayang'ana ubwino wa anawo, osati chiwerengero cha ng'ombe.

Tsono atsibweni, ngati pakhomo panu pali nkhani yotere chaka chino, muitaneni mwanayo sabata ino, mupeze wokutsogolerani, ndipo mukakumane ndi ankhoswe anzanu musanalipire holo.