A PAFUPI SANDIPEZA PA INTANETI: NDICHITENJI?

FUNSO

Ine ndine mmisiri wa matabwa wa ku Kalingalinga, ndipo ndimakhoma mabedi, mipando ndi makabati pafupi ndi msewu wa Alick Nkhata. Muphwa wanga anandikonzera webusaiti yokongola ya dzina lothera ndi .com, koma anthu a ku Mtendere ndi ku Kabulonga akafufuza mipando pa Google amaona masitolo ena, ngakhale a ku Johannesburg, ine osaoneka konse. Cholakwika chili pati?

Mmisiri, Kalingalinga, Lusaka

YANKHO

Bambo, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo ndikutsimikizireni poyamba kuti vuto silili m'luso la manja anu, koma m'chakuti webusaiti yanu siinanene momveka kumene inu mukhala.

Munthu akalemba mawu pa Google, makinawo, asanasankhe yankho lililonse, amayamba ayesa kudziwa kumene wofunsayo ali, poona nambala ya intaneti imene foni yake yapatsidwa ndi MTN, Airtel kapena Zamtel, ndiponso GPS ngati mwini foni analola. Kuyambira mu Okutobala 2017, kaya munthu atsegule google.co.zm kaya google.co.za, mayankho amatsata malo amene iye waima. Motero wa ku Matero ndi wa ku Blantyre, angakhale alembe mawu amodzimodzi, sadzaona masitolo ofanana.

Atadziwa za wofunsa, makinawo amafunanso umboni wa kwawo kwa webusaiti iliyonse. Dzina lothera ndi .zm, limene ulamuliro wake uli m'manja mwa bungwe la ZICTA, limadzichitira lokha umboni kuti ndi la ku Zambia, koma la .com lilibe mudzi, ndipo ngakhale silili tchimo kukhala nalo, lisowa mboni zina zoliimira. Chifukwa chake uzani muphwa wanu alembe pa tsamba lililonse, m'zilembo zenizeni osati m'chithunzi, kuti Kalingalinga, Lusaka, Zambia. Aike nambala ya foni yoyamba ndi +260. Ndipo pa mitengo aonetse kuti ndi ZMW, popeza ndalama ya ku Malawi nayonso itchedwa kwacha. Musapeputse zimenezi: mnzanu wa ku komboni ya George akalemba George pokha, makina angamuyese wa mu mzinda wa George ku Western Cape, m'dziko la South Africa.

Koma chachikulu koposa, chimene sichilira ngakhale ngwee imodzi, ndicho kulembetsa malo anu ogwirira ntchito pa Google Business Profile, pakuti kumeneko ndiko kumachokera mayina aja ooneka pamapu pamwamba pa mayankho. Eni ake a Google amanena poyera kuti posanja mayinawo amayang'ana zinthu zitatu: kugwirizana kwa malonda anu ndi chimene munthu akufuna, kutalika kwa mtunda pakati pa iye ndi inu, ndi kutchuka kwa dzina lanu. Popeza m'makomboni mwathu njira zambiri zilibe mayina, ndipo timalondolerana ndi msika, tchalitchi kapena siteshoni ya minibasi, kaimeni pakhomo penipeni pa malo anu, muike chizindikiro pamapu, mutengenso Plus Code, ndiyo nambala yaifupi imene Google Maps ipereka pa malo alionse. Angakupempheni vidiyo yoonetsa chikwangwani ndi zida zanu. Musaope, ndi njira yawo yotsimikizira kuti mulipodi.

Mukatero tchulani madera amene mumaperekako katundu, ikani zithunzi za ntchito yanu ndi maola otsegulira, ndipo lembani m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe, monga anthu a mu Lusaka amalembera pofufuza. Amene anagula kwa inu nakondwera, apempheni mwaulemu alembe ndemanga zawo; koma ndemanga zogula ndi ndalama zipeweni, pakuti bodza likaululika dzina lanu lingachotsedwe pamapu. Chenjeraninso ndi aliyense wolonjeza kukukwezani pamwamba mawa lomwe mukamlipira, chifukwa palibe munthu ali ndi mphamvu yotero. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zipatso za ntchitoyi zimatenga masabata kapena miyezi.

Chotsiriza, Bambo, mtunda simungausinthe. Mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama adzayamba kuona amisiri a kwawo, ndipo musadandaule nazo, pakuti lamulo lomwelo ndilo lidzakuikani inu patsogolo pa sitolo ya kutali pamene wofufuza ali ku Mtendere, ku Kabulonga kapena pa UNZA. Yambani ndi anansi amenewa, muwatumikire mokhulupirika. Ndemanga zawo zikachuluka, dzina lanu lidzafika ndi ku makomboni a kutali.

Wanu pokutumikirani,
Mlangizi