LAMYA YA M'MANJA NDI NTHENDA YA SHUGA

Nthenda ya shuga siichoka m'thupi monga achokera malungo. Munthu akapezeka nayo akhala nayo masiku onse, ndipo ntchito yaikulu yoisamala ichitika pakhomo, pakuti dokotala aonana ndi wodwala kanthawi kochepa chabe pa tsiku la kiliniki. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 m'Malawi, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi.

Kwa mlimi wa kwa Kapondo, ulendo wa ku chipatala chachikulu pa boma la Mchinji udya ndalama ndiponso tsiku la kumunda. Tsono ndi bwino kuti akafika kwa dokotala akhale ndi mbiri yokwanira ya masiku onse apitawo. Apa ndipo lamya ya m'manja ithandiza. M'lamya zamakono muikidwa timapulogalamu tolembamo mlingo wa shuga, chakudya chimene munthu wadya, ndi nthawi imene wamwa mankhwala. Dokotala akaona zolembedwazo adziwa msanga ngati mankhwala ali kugwira ntchito. Amene ali ndi lamya ya mabatani asade nkhawa: angathe kutchera belu la m'lamyamo kuti lidzimkumbutsa mankhwala, ndipo zina zonse alembe m'kope.

Koma lamya siyeza shuga. Ichi chimveke ndithu, chifukwa alipo ena onyenga amene amati munthu angoika chala pa galasi la lamya, shuga nkuoneka. Limeneli ndi bodza. Mu February 2024 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu za mawotchi ndi mphete zogulitsidwa ndi mau otere. Shuga ayezedwa ndi dontho la magazi a kuchala pa kachipangizo kake, ndipo pulogalamu ingosunga nambala imene munthu walemba.

Nambalazo nazonso zifuna maso. Tizipangizo tina tiwerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL, ndipo 7 wa mlingo woyambawo ndiye 126 wa mlingo wachiwiri. Wodwala amene walandira kachipangizo kuchokera kwa mbale wake ku Chipata kapena ku Joni ayambe wakaonetsa kwa a chipatala, kuti mlingo wa kachipangizo ndi wa m'pulogalamu ukhale umodzi.

Ngozi yaikulu ikhala pa nyengo ya dzinja. Munthu amwa glibenclamide kapena kubaya insulin m'mamawa, nalawirira kukapalira mtedza osadya kanthu. Dzuwa likakwera ayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona chidima. Shuga watsika kwambiri. Pamenepo asachedwe ndi lamya: amwe madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera, kenaka adye. Ngati wakomoka, abale asamthire kanthu m'kamwa, koma athamangire naye ku chipatala. Akachira alembe tsikulo, ora lake, ndi ntchito imene anali kugwira, pakuti dokotala angathe kusintha mankhwala poona zimenezi. Wodwala asasinthe yekha, ngakhale pulogalamu itanena zotani.

Kulangiza odwala pa lamya sikwachilendo. Ku Senegal, m'chaka cha 2014, boma mothandizana ndi bungwe la WHO linayamba kutumiza mauthenga kwa odwala shuga pa mwezi wa Ramadan, owalangiza za kudya ndi kumwa. Kuno ku Malawi, Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi nkhani za amayi ndi ana, ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse ndi kumayankha za matenda enanso.

Okalamba amene maso awo sapenya bwino zilembo apemphe mdzukulu kuti adziwalembera. Pa tsiku la kiliniki atenge lamya ili ndi moto wokwanira, kabuku ka kuchipatala, ndi mankhwala onse otsala.