Njira ya ku Yale imadzera ku Zomba

Anzanga a Fomu 3 ndi 4 amene mukufuna kudzakhala maloya ophunzira kunja, tamvani izi. Ambiri timaganiza kuti ukangokhoza MSCE ndi mapointi abwino, basi ndege ikukudikira ku Lumbadzi. Ayi ndithu.

Ku America, sukulu za malamulo ngati Yale ndi Harvard sizitenga munthu wongochoka ku sekondale. Zimafuna ukhale ndi digiri kaye. Ochokera maiko ena ambiri amakachitako LLM, digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, atamaliza kale ya malamulo kwina. Ngakhale a Peter Mutharika anayamba atenga LLB ku University of London mu 1965, ndiye LLM ya ku Yale mu 1966.

Kwa ife a kuno ku Bowe, khomo lapafupi ndi University of Malawi ku Zomba. Nakonso ku Law sulowa chindunji. Umayamba kosi ina kwa chaka chimodzi, ukakhoza bwino ndi pomwe umalemba mayeso olowera.

Nanga ndalama? Fizi yakunja, ngakhale bambo atagulitsa fodya yense, siingakwane. Koma pali Chevening ya boma la Britain, imene imalipira masters ya chaka chimodzi kwa amene ali ndi digiri ndipo agwirapo ntchito zaka ziwiri. Palinso Rhodes yopitira ku Oxford, ndipo Amalawi amaloledwa kupikisana nawo.

Konseku amafuna Chingerezi chakupsa, ena mpaka mayeso a IELTS. Ndiye inu othawa piriyodi ya English, dziwani kuti popanda credit yake pa MSCE ngakhale ku Zomba komweko sakutengani.