Sitiroko Ikagwa Pakhomo: Malangizo kwa Mabanja a ku Magaleta

Munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi n'kufooka, mawu osamveka bwino, ambiri kuno timati amumenya hamala. Imeneyo ndi sitiroko. Kawirikawiri magazi amakhala ataundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo, ndipo mbali ya ubongo yosowa magaziyo imayamba kufa m'mphindi zochepa. Pamene banja likukambirana zopita kwa sing'anga kapena kuloza chala agogo osalakwa, wodwala akutaya mwayi wodzayendanso.

Muuzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake. Chimodzi chikakanika, thamangirani naye ku chipatala cha Magaleta, kaya ndi usiku. Musadikire kuti kuche. Zizindikirozi zikatha zokha, pitanibe, chifukwa sitiroko yaikulu ikhoza kutsatira.

Podikira mayendedwe, mugonekeni cham'mbali. Musam'mwetse phala, madzi kapena zitsamba. Tikudziwa kuti n'zowawa kuona m'bale wako osampatsa kanthu, koma sitiroko imasokoneza kumeza, ndipo chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Asipirini nayenso ayi. Pali sitiroko ina yobwera mtsempha ukaphulika, ndipo asipirini amaonjezera kutaya magaziko. Kuti zidziwike kuti ndi iti pamafunika makina ojambula ubongo a CT, monga a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Wopita naye akhale munthu wodziwa nthawi yomaliza imene wodwalayo anaoneka ali bwinobwino, pakuti adokotala adzafunsa. Akakutumizani ku chipatala chachikulu cha Neno, musakane.

Misewu yathu mukuidziwa mmene imakhalira m'nyengo ya dzinja. Sungiranitu lero manambala a foni a wazaumoyo wa m'mudzi mwanu ndi a wakabaza wodalirika, ndipo pabanja mugwirizane amene angaperekeze wodwala.

Chimene chimayambitsa sitiroko kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi (BP), komwe nthawi zambiri sikupweteka paliponse. Shuga, fodya ndi HIV zimaonjezera chiopsezo. Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, omwe akugwira ntchito ku Neno kuyambira 2007, amayendetsa kiliniki ya matenda okhalitsa m'zipatala za m'boma lino. Kayezetseni BP, chepetsani mchere mu ndiwo, ndipo mankhwala a BP musawasiye poti mukupeza bwino.