Phunziro: Moto wa m'batire ndi mpata wa m'mlengalenga

Ambirife foni ndiyo imatilumikiza ndi achibale amene tinasiyana nawo. Ndiyonso imatibweretsera ndalama komanso uthenga wa ku ofesi. Foni ikathima pa tsiku lolakwika, munthu akhoza kuphonya tsiku loitanidwa. Lero ndikufuna tiphunzire zinthu ziwiri zimene chipangizo chilichonse chopanda waya chimadalira: moto, ndi mpata wodutsamo uthenga.

Choyamba, kukolola moto

Akatswiri amati chipangizo chikukolola mphamvu pamene chikutenga moto kuchokera ku zinthu zochizungulira, monga dzuwa, kutentha kapena mafunde a wailesi. Sola ndiyo timaidziwa bwino. Masana kumwamba kopanda mitambo, dzuwa limagwetsa mphamvu ya mawati pafupifupi 1,000 pa malo otalika mita imodzi mbali zonse, koma sola wamba imasandutsa magetsi magawo 15 mpaka 20 okha pa 100 alionse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Sola ya mawati 10 ikalandira dzuwa lamphamvu kwa maola 5, tichulukitse 10 ndi 5, tipeza 50. Gawo limodzi mwa magawo atatu likhoza kutayika m'mawaya, m'tchaja ndi chifukwa cha kutentha, ndiye patsala pafupifupi 33. Pa muyeso womwewu, batire ya foni ya 4,000 mAh imasunga pafupifupi 15. Choncho sola imeneyi ingadzaze mafoni awiri pa tsiku, osati asanu ndi limodzi. Fumbi kapena mthunzi wa denga zimachepetsanso chiwerengerochi.

Mafunde a wailesi nawonso ali ndi mphamvu, koma ndi yochepa kwambiri. Kutali ndi nsanja, zimene zimakololedwa zimayezedwa m'timagawo ta wati imodzi itagawidwa ka miliyoni. Zimakwanira tizipangizo ting'onoting'ono, monga khadi ya ku banki yongoyandikiza pa makina: ilibe batire, imatenga moto ku makinawo. Foni sizingaidzaze, ndiye musapusitsidwe ndi aliyense wogulitsa kachipangizo koti kamatchaja foni ndi netiweki.

Chachiwiri, kugawana mpata

Mafunde onyamula uthenga ali ngati mjigo umodzi wa anthu ambiri. Mabungwe a boma, monga MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia ndi POTRAZ ku Zimbabwe, ndiwo amagawira makampani ndi mawailesi mbali yawoyawo. Nsanja iliyonse imagawanso mbali yake kwa mafoni onse oizungulira. Madzulo tonse tikatsegula WhatsApp ndi Facebook, mzere umatalika, aliyense n'kulandira pang'ono.

Wi-Fi ndi Bluetooth zimagwiritsa ntchito limodzi mafunde a 2.4 GHz, omwe safuna laisensi. Wi-Fi ili ndi mwambo wake: chipangizo chimayamba chamvetsera, ndipo chikamva kuti china chikulankhula, chimadikira.

Palinso njira yobwereka mpata umene mwini wake sakuugwiritsa ntchito. Mu 2013, akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka ndipo mogwirizana ndi MACRA, anayesa kutumiza intaneti ku sukulu ndi ku chipatala kudzera m'mipata yopanda kanthu ya mafunde a wailesi yakanema. Lamulo lake ndi lakuti wobwereka asasokoneze mwini mpata.

Pamene ziwirizi zimakumana

Netiweki ikafooka, foni imakweza mphamvu yake kuti nsanja iimve, ngati munthu woitana mnzake wa kutsidya la mtsinje. Uthenga ukalephera, imautumizanso, moto n'kumapita. Ndiye chifukwa chake akatswiri poyesa netiweki amafunsa mafunso atatu: ndi uthenga wochuluka bwanji umene wadutsa pa sekondi imodzi, ndi kangati pamene kulumikizana kwaduka, ndipo ndi moto wochuluka bwanji umene wapita.

Ntchito ya sabata ino

Mafunso omwewa nafenso tingawayankhe ndi kope ndi cholembera. Kwa masiku 7, m'mawa, masana ndi madzulo, lembani timizere ta netiweki, moto wa m'batire, ndi nthawi imene chithunzi chimodzi chatenga kuti chipite. Yesani m'nyumba, kenako panja pamalo okwera. Mukatero mudzadziwa malo ndi nthawi yabwino yotumizira zikalata zofunika.

Pakadali pano, pukutani sola m'mawa uliwonse, ndipo muiike pomwe sipafika mthunzi. Zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth pamene simukuzigwiritsa ntchito. Pamalo opanda netiweki, ikani foni pa chizindikiro cha ndege kuti isamalimbane n'kufufuza nsanja. Mavidiyo aatali asiyireni usiku kwambiri kapena m'bandakucha, kuti mnzanu amene akudikira uthenga wa kuchipatala apeze mpata.