Kamera ya Pafoni M'munda: Kajambulidwe, Kakonzedwe ndi Kasamalidwe

Kale mlimi wa ku Etatara akapeza mbozi m'chimanga ankadikira kuti mlangizi wa zaulimi wa ku ofesi ya boma ya SDAE afike, apo ayi ankazula phesi n'kupita nalo ku Cuamba. Lero foni ya kamera, pamene netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ikugwira, imafikitsa vutolo kwa mlangizi tsiku lomwelo. Koma mlangizi amalangiza malinga ndi zimene akuona. Chithunzi chikanama, malangizonso amasokera, ndipo ndalama za mankhwala zimapita pachabe.

Pojambula

Jambulani m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Dzuwa la masana, makamaka la mu Okutobala, limayeretsa tsamba mpaka mawanga onse kubisika. Ngati simungadikire, imani moti mthunzi wanu uphimbe tsamba lonse. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitagunda nthiti, ndipo dinani pasikirini pamene pali chinthu mukufunacho kuti kamera iloze pomwepo. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chifukwa pa mafoni ambiri kutero kumangochititsa khungu chithunzicho. Yandikirani inuyo.

Tengani zithunzi zitatu: munda wonse, mbewu imodzi, kenako malo odwalawo pafupi. Pambali pake ikani ndalama yachitsulo kapena mtengo wa machesi kuti kukula kwake kudziwike. Ntchemberezandonda, yomwe inafika m'dziko muno mu 2017, imazindikirika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Mukajambula pakati pa thupi pokha, mlangizi sangaisiyanitse ndi kapuchi. Pa chinangwa jambulani tsamba kumwamba ndi kunsi komwe, ndipo ngati mukukayikira kuti chikuwola, dulani muzu mujambule m'kati mwake.

Pokonza chithunzi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, makamaka achinyamata omwe anazolowera kukometsa nkhope zoika pa Facebook. Pulogalamu ya Snapseed, ya kampani ya Google, ndi yaulere ndipo mukaitsitsa imagwira ntchito popanda intaneti. Ngakhale galeri ya foni yanu ili ndi zida zokwanira. Pa ntchito ya kumunda zofunika ndi ziwiri basi. Choyamba ndi kudula m'mbali, chomwe pa foni ya Chipwitikizi chimalembedwa Cortar: chotsani thambo, mapazi anu ndi udzu, patsale tsamba lodwalalo. Chachiwiri ndi kuwalitsa pang'ono chithunzi chomwe chada, pa Brilho.

Mtundu wokha osaukhudza. Saturação ndi mafyuluta onse zisiyeni. Chikasu cha tsamba ndiye uthenga weniweniwo: chimanga chosowa nayitrojeni chimayamba kuchita chikasu kunsonga ya masamba apansi n'kutsika potsata msana wa tsamba, pamene khate la chinangwa limapanga mawanga achikasu osakanikirana ndi obiriwira, tsamba n'kupindika. Fyuluta ikabiriwitsa zonsezi, mlangizi adzakuyamikirani kuti munda uli bwino, mbewu zikufa. N'chimodzimodzinso potsatsa mbuzi, soya kapena nandolo kwa wogula wa ku Mandimba: akafika n'kupeza zosiyana ndi chithunzi, mtengo augwetsa ndipo chaka chamawa sabweranso. Musafufute chithunzi choyambacho. Sungani chokonzedwacho padera.

Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo. Ngati ndi tizilombo tating'ono ngati nsabwe za pa thonje, dinani HD kapena chitumizeni ngati Documento. Lembani mudzi, mtundu wa mbewu ndi tsiku lomwe munabzala.

Posamala kamera

Zithunzi zambiri zooneka ngati za m'nkhungu vuto lake si foni yotchipa, ndi galasi lakuda. Thukuta, mafuta a m'manja ndi fumbi la m'misewu ya ku Ngauma nthawi ya chilimwe zimamatirira pa kagalasi kakumbuyo. Yambani mwauzira fumbi lichoke, kenako pukutani ndi kansalu kofewa koyera. Kupukuta ndi malaya omwe mwalimira kumakanda galasi, ndipo mkwaso ukalowa sutuluka. Foni isagone m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.

M'dzinja yendani ndi foni m'kajumbo kapulasitiki, koma mukafika pakhomo itulutsenimo kuti chinyezi chisaunjikane. Timapaketi ta timibulu timene timabwera m'makatoni a nsapato timayamwa chinyezi. Musatitaye, tisungeni pamodzi ndi kamera, kutali ndi ana. Foni ikagwera m'madzi izimitseni msanga, chotsani simu ndi memore khadi, iumire pamthunzi podutsa mphepo. Osaiyanika pamoto, osaitchaja isanaume. Zoikwirira mu mpunga zija sizithandiza kwenikweni, zimangolowetsa fumbi m'mabowo.

Kutentha kumapha batire. Potchaja pa sola, panelo ikhale padzuwa koma foni pamthunzi. Batire likatupa lekani kuligwiritsa ntchito, lingathe kuyaka. Mukamapita kotchajitsa pamsika, memore khadi itsale m'thumba mwanu, ndipo mukapeza intaneti yabwino ku Cuamba tumizani zithunzi zofunika, monga za malisiti ogulitsira thonje kapena fodya, ku Google Photos kapena ku foni ya wachibale.