Mimba Yanga Imafufuma Madzulo Aliwonse, Nditani?

FUNSO



Ndine mayi wa zaka 36, wa ana atatu, ndipo ndimasoka zovala pamsika. Vuto langa ndi mimba. M'mawa imakhala bwinobwino, koma ikamakwana 3 koloko masana imayamba kufufuma, pofika madzulo yalimba ngati ng'oma moti ndimachita kumasula chitenje. Amayi anzanga kutchalitchi afika pondifunsa ngati ndili ndi pakati, chonsecho ndinayezetsa ndipo ndilibe. Zimanyanya ndikayandikira kusamba. Kuchimbudzi ndimapita kawiri pa sabata, movutikiranso. Ndinasiya nyemba, kabichi ndi mkaka. Masana ndimangodya mandasi kapena tchipisi, n'kutsitsira chakumwa cha m'botolo. Mimba ikavuta ndimamwa soda wosungunula m'madzi. Mnzanga akuti ndigule tiyi wotsuka m'mimba amene akutsatsidwa pa WhatsApp. Kodi ndigule? Kapena ndili ndi matenda aakulu?

Mayi wodandaula, Kasungu

YANKHO

Mayi, pepani ndi vutoli, ndipo mwachita bwino kulemba mosabisa. Amayi ambiri akuvutika chimodzimodzi, koma amangozisunga mumtima poti nkhani za mpweya ndi chimbudzi sitizikamba pagulu.

Ndiyambe ndi mafunso anu awiri. Tiyiyo musagule. Kunena za matenda aakulu, wotsimikiza ndi dokotala amene wakuonani n'kukugwirani pamimba. Komabe mimba yofufuma masana n'kuphwa usiku, yotsatira nyengo ya msambo, mwa munthu amene akupita kuchimbudzi kawiri pa sabata, nthawi zambiri gwero lake limakhala matumbo oyenda mochedwa. Zimenezi n'zotheka kuzikonza, ndipo zambiri zofunika zikugulitsidwa pamsika pomwe mumasokerapo.

Mpweya m'matumbo si matenda. Aliyense ali nawo, ndipo munthu wathanzi amautulutsa maulendo 10 mpaka 20 patsiku, ambiri mwa iwo osazindikira n'komwe. Wina timaumeza podya ndi pomwa. Wina umapangidwa m'matumbo aakulu, momwe mumakhala mabakiteriya osawerengeka amene amadya zotsalira za chakudya chimene thupi lalephera kugaya. Tizilomboti n'tabwino, timateteza khoma la matumbo ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda, ndipo mpweya ndi chizindikiro chakuti tikugwira ntchito. Vuto limayamba njira ikatsekeka. Chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma, mabakiteriya amapeza nthawi yaitali yochisasitsa, ndipo mpweya umasowa potulukira. Achipatala amati munthu wadzimbidwa akamapita kuchimbudzi kosakwana katatu pa sabata, kapena akamachita kudzikakamiza, n'kutulutsa chouma. Inu muli m'gulu limenelo, choncho poyambira ndi pomwepo.

Thupi la munthu wamayi limaonjezerapo zake. Dzira likangotuluka, pakati pa mwezi wanu, homoni yotchedwa progesterone imakwera. Ntchito yake ndi kukonzekeretsa chiberekero, koma imafooketsanso minofu ya matumbo, chakudya n'kumayenda pang'onopang'ono. Masiku omwewo thupi limasunga madzi ndi mchere wambiri, n'chifukwa chake mabere amalemera ndipo siketi imathina. Msambo ukayamba zinthu zimatembenuka, mwakuti amayi ena amatsegula m'mimba tsiku loyamba kapena lachiwiri. Zofanana nazo zimachitika kwa oyembekezera ndi kwa amene akuyandikira kusiya kusamba. Mahomoni simungawaletse, koma sabata yovutayo ingakupezeni matumbo ali opepuka kale.

Tsopano tione mbale yanu ya masana. Mandasi ndi tchipisi zili ndi mafuta ambiri, ndipo mafuta amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu. Mulibenso faiba wokwanira. Faiba ndi mbali ya zomera imene sigayika, monga gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi mitsempha ya masamba. Ndiye amene amasunga madzi m'chimbudzi kuti chifewe, komanso ndiye chakudya cha mabakiteriya abwino aja. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 25 a faiba patsiku, ndi magalamu 400 a masamba ndi zipatso. Posiya nyemba ndi kabichi popanda kuikapo china, munachotsa zomwe zinkakankha matumbo, ndipo n'kutheka kuti kudzimbidwa kunakula kuyambira pamenepo. Chakumwa cha m'botolo chija nacho chimathira gasi m'mimba imene yadzaza kale.

Bwezerani faiba, koma mwapang'onopang'ono. Mukasintha zonse tsiku limodzi mimba idzafufuma koposa, inu n'kuganiza kuti malangizowa ngabodza. Sabata yoyamba sakanizani ufa woyera ndi mgaiwa pophika nsima, ndipo m'mawa muzimwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Sabata yachiwiri onetsetsani kuti masamba sakusowa masana ndi madzulo: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, mpiru. Therere ndi labwino kwambiri chifukwa kuterera kwake kumafewetsa chimbudzi. Pazipatso yambani ndi papaya, malalanje, nanazi ndi nthochi, zomwe mimba zambiri zimazilandira bwino. Popita kuntchito tengani mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi chipatso m'kambale kanu, kuti njala ya masana isakukokereni kuchiwaya tsiku lililonse. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene mumawamva kusikelo sanaikidwire ana okha, ndi anunso.

Faiba wopanda madzi amamanga m'mimba. Ikani botolo la madzi pambali pa makina, muzimwa pafupipafupi, makapu ngati 8 patsiku, ndipo muonjezere m'miyezi yotentha. Mkodzo ukamatuluka woyererako ndiye kuti akukwana. Madziwo akhale otetezeka, owiritsa kapena othira mankhwala, chifukwa madzi oipa amabweretsa tizilombo totchedwa giardia, timene timafufumitsa mimba, kugeyetsa fungo la mazira owola ndi kutsegula m'mimba. Timeneto timafuna mankhwala akuchipatala.

Nyemba ndikupemphani muzibwezere, popeza ndizo ndiwo zomanga thupi zotsika mtengo, zopatsanso ayironi amene mayi wosamba amataya mwezi ndi mwezi. N'zoona kuti zimabweretsa mpweya. Muli mitundu ina ya shuga imene matumbo a munthu sangathe kuiphwanya, ndiye imafika yathunthu kwa mabakiteriya. Mwayi wake ngwakuti shuga ameneyu amasungunuka m'madzi. Nyikani nyemba usiku wonse, maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, tsukani, n'kuphika ndi madzi atsopano mpaka zifewe zoti n'kufinyika ndi zala. Yambani ndi masupuni awiri kapena atatu pambali pa ndiwo zina, kawiri pa sabata, n'kumaonjezera. Matumbo amazolowera pakapita masabata ochepa. Ambiri amaona kuti chipere, popeza makoko amachotsedwa, chimawapepukira, ndipo ena amagwirizana ndi khobwe, nandolo kapena nzama kuposa nyemba zofiira. Yesani, muone zimene thupi lanu likulandira.

Za mkaka mwina munaganiza bwino. Akuluakulu ambiri kuno kwathu sagaya mokwanira shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, ndipo akamwa kapu yodzaza mimba imalira, kufufuma kapena kutseguka pakangopita maola ochepa. Chambiko ndi yogati zimakhala ndi lactose wocheperako chifukwa mabakiteriya amakhala atadyako kale. Mkaka wothira pang'ono mutiyi nawo ambiri suwavuta. Ngati zonsezi zikukukanani, usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake akupatsani kashiamu wolimbitsa mafupa.

Pali zakudya zina zimene zimafufumitsa anthu ena koma ena ayi. Ofufuza a pa yunivesite ya Monash ku Australia ndiwo anatchuka pozisanja m'gulu limodzi lotchedwa FODMAP, ndipo mwa zodziwika kwathu kuno muli anyezi, adyo, buledi ndi zina za tirigu, mango, mavwende ndi uchi. Musazisiye zonse, mungatsale opanda chodya. Gulani kope laling'ono, ndipo kwa mwezi wathunthu muzilemba zimene mwadya, nthawi imene mimba yafufuma, tsiku limene mwapita kuchimbudzi ndi tsiku la msambo. Mukakayikira chakudya china, chisiyeni chokhacho kwa masabata awiri, kenako muchibwezere. Mimba ikaphwa mutachisiya n'kufufumanso mutachibwezera, mwachigwira. Ikapanda kusintha, chakudyacho n'chosalakwa, pitirizani kudya. Kabichi wanu muyeseni motero, wophika bwino komanso wochepa.

Kadyedwe nakonso n'kofunika ngati chakudya chenichenicho. Munthu wodya mothamanga, kasitomala ali chiimire, amameza mpweya wambiri. Chingamu ndi kumwera kathumba kapena kapaipi zimachitanso zomwezo. Khalani pansi, tafunani mokwanira. Kusala tsiku lonse n'kudzadya nsima yambiri usiku kumalemetsa mimba, bola kudya pang'ono katatu kapena kanayi, ndipo chakudya chamadzulo chidyedwe kukadali maola awiri kapena atatu musanagone. Sabata yoyandikira msambo chepetsani mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi wobisika m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'soseji ndi m'tchipisi.

Ntchito yanu imakukhazikani pampando mutawerama, mimba itapanikizika, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Matumbo amayenda bwino mwini wake akamayenda. Ola lililonse imirirani, dziwongoleni, zungulirani kamphindi. Mukatha kudya masana yendani ndawala mphindi 10 kapena 15, mpweya umatsika msanga. Pa sabata yesetsani kukwanitsa mphindi 150 zoyenda mwamphamvu, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Lamba wothina ndi zovala zomanga mimba zisiyeni kaye.

Pali chinanso chimene amayi ambiri ogwira ntchito pamsika amachita: kudziletsa kupita kuchimbudzi chifukwa zimbudzi zake n'zauve, n'zolipira kapena zili kutali. Ndikumvetsa. Koma thupi likaitana inu n'kukana, chimbudzi chimabwerera n'kuuma, ndipo pakapita nthawi kuitanako kumazilala. Matumbo amagwira ntchito mwamphamvu munthu akangodya chakudya cham'mawa, makamaka chotentha. Dzukani mofulumirirako, imwani phala kapena tiyi, mudzipatse mphindi zingapo kuchimbudzi cha kunyumba musananyamuke, tsiku ndi tsiku nthawi yomweyo. Kunjuta kumathandiza, ndipo ngati chimbudzi chanu n'chokhalira, pondani kampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno.

Nkhawa nazo musazichepetse. Ubongo ndi matumbo n'zolumikizana ndi mitsempha, ndipo munthu wopanikizika ndi ngongole, fizi kapena mavuto a m'banja amamva kuwawa ndi kudzaza ngakhale mpweya uli wochepa. Matenda a matumbo osachedwa kunyanyuka, amene madokotala amawatcha IBS, amagwira amayi ambiri kuposa abambo, ndipo amakula nthawi ya nkhawa. Kugona mokwanira kumathandiza. Kumathandizanso kukhala phee kwa mphindi zisanu mutadya, n'kumapuma mozama ndi modekha.

Soda uja musiyeni. Akakumana ndi asidi wa m'chifu amapanga gasi, ndiye kugeya kumene kumatsatirako kumakunamizani kuti mwapepukidwa pomwe mpweyawo waubweretsa ndi iye yemweyo. Alinso ndi sodium wambiri, amene amasungitsa madzi m'thupi ndi kukweza BP. Matiyi otsuka m'mimba ambiri amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba monga senna. Chimene mumataya ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi, mimba imapota, ndipo mukasiya kudzimbidwa kumabwerera. Kutsegula m'mimba kwambiri kungalepheretsenso mapiritsi olera kugwira ntchito. Matumbo safuna kutsukidwa, amadziyeretsa okha akapatsidwa faiba ndi madzi. Samalaninso ndi mankhwala ogula paokala. Amoxicillin ndi Bactrim omwa popanda dokotala amapha mabakiteriya abwino, ibuprofen ndi aspirin amakanda chifu, ndipo mapiritsi oonjezera magazi amadzimbitsa. Ngati munapatsidwa a magaziwo kuchipatala musawasiye panokha, kawafotokozereni.

Zimene ndilembe apazi ndikufuna muzisunge bwino, muuzekonso amayi anzanu. Kufufuma kobwera n'kupita n'kosiyana ndi kutupa kosaphwa. Pitani kuchipatala mosazengereza ngati mimba ikukhala yotupa ngakhale m'mawa kapena ikukulirakulira, ngati mukukhuta mutangodya pang'ono, ngati mukuonda osadziwa chifukwa, ngati mukumva chotupa mukadzigwira, ngati chimbudzi chili ndi magazi kapena chakuda bii, ngati maso achita chikasu, ngati mukutuluka thukuta usiku ndi kutentha thupi, kapena ngati msambo wachuluka, ukupweteka modabwitsa, kapena magazi akubwera pakati pa mwezi. Zizindikiro zotere zingachokere ku zotupa za m'chiberekero, zomwe n'zofala mwa amayi akuda, ku matenda a chiwindi, ku TB ya m'mimba, ku zilonda za m'mimba, kapena ku khansa ya m'thumba la mazira. Khansa imeneyi imayamba mwakachetechete, ndipo kawirikawiri chizindikiro chake choyamba ndi kutupa mimba kobwerezabwereza, koposa maulendo 12 pamwezi, makamaka mwa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo. Kupweteka kwadzidzidzi, kusanza kosalekeza, kapena kulephereratu kutulutsa mpweya ndi chimbudzi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Ngati mulibe chilichonse mwa zimenezi, dzipatseni masabata anayi kapena asanu ndi limodzi mukutsatira zomwe takambiranazi, kuti mudutse msambo umodzi wathunthu. Yambani mawa ndi zitatu zokha: phala la mgaiwa m'mawa, botolo la madzi m'malo mwa chakumwa cha gasi, ndi kuyenda mukatha kudya. Zina muzionjezera sabata ndi sabata. Nthawiyo ikatha osaona kusintha, tengani kope lanu ndi buku lakuchipatala, mukapemphe kuti akupimeni pamimba, ayeze chimbudzi ndi magazi, ndipo ngati n'kofunika akutumizeni kukajambulidwa pachipatala cha boma. Mukafotokoze zonse monga mwandifotokozera ine, osachita manyazi, chifukwa dokotala amathandiza bwino munthu amene wanena zonse.